Sanatembenuze Bolodi

Munthu wowotcherera akapatsidwa bolodi la zamagetsi, choyamba amalitembenuza. Kumaso kwake kumanama, zoona zimakhala kumsana kumene kuli mfundo za mtovu. Kawaya ankadziwa zimenezi asanadziwe n'kudzipesa komwe, pakuti bambo ake anakalamba akukonza mawailesi. Koma tsiku limene Zikhadabo anabwera, nsanje inamudya mutu, ndipo bolodi sanalitembenuze.

Linali Loweruka masana. Kawaya anali m'kachipinda kakuseri kwa nyumba, kamene kale munkasungidwa ndowa zobooka. Tsopano munali tebulo lalitali, chowotcherera pa choimikira chake, siponji yonyowa, ndi timabotolo todzaza tizipangizo tamagetsi, marezisita ndi makapasita. Windo linali lotsegula kuti utsi wa utomoni wowotcherera uzituluka. Patebulopo panali ampu, makina okuzira mawu a nyimbo, imene iye ndi chibwenzi chake, Wamanzere, ankapanga kuti ikaimbe pa ukwati wa mlongo wake wa mnyamatayo.

Fungo la mafuta onunkhira linalowa mwiniwake asanafike. Zikhadabo anali mwana wa mnzawo wa mayi ake a Wamanzere, ndipo mayiwo anali atamusankha kale mumtima kuti ndiye mpongozi. Dzinalo anamupatsa ndi Kawaya yemwe, chifukwa cha zikhadabo zake zazitali zofiira zimene sizikanatola ngakhale singano pansi.

"Odi kuno, asisi. Ndiye malo ake ndi amenewa? Ndimayesa ndi aakulu."

"Lowani, koma musamale diresi. Chitsulocho chikutentha."

"Sindikhalitsa. Ndangobwera kudzapempha nzeru kwa akatswiri. Kanthu aka kamadya batire lamtundu wanji? Ndikuopa kangandizimire."

Anatulutsa m'chikwama kamtima kopangidwa pa bolodi, kokutidwa ndi pulasitiki kumaso ndi kansalu kofewa kumsana. M'mbali mwake munali timagetsi tofiira, tikuphethira kawiri mofulumira, kenako kamodzi mochedwa.

Maso a Kawaya anathamangira okha pashelefu. Pamenepo panali mtima wake, ukuphethira chimodzimodzi.

Mtima wa pashelefuwo unali ndi mbiri yake. Wamanzere anayamba kubwera kuno ngati wophunzira, atamva kuti kuli mtsikana wodzipangira yekha zoimbira nyimbo. Mabolodi amene anaononga ndi osawerengeka. Ankanyamula mtovu pansonga ya chowotcherera n'kumamata ngati matope pakhoma, mpaka Kawaya anamugwira dzanja lake lamanzerelo n'kumuuza kuti, "Tenthetsa mwendo wa kachipangizo ndi bolodi pamodzi, kenako gunditsa mtovu pamenepo, uyenderere wokha. Mfundo yabwino imawala ndipo imaima ngati kachulu." Dzanjalo analigwira nthawi yaitali kuposa mmene phunziro linkafunira, ndipo chibwenzi chinayambira pomwepo. Mtimawo ndi chinthu choyamba chimene mnyamatayo anapanga n'kuyakadi. Popereka ananena kuti, "Uwu ndi umodzi basi. Wina sindidzapanganso."

"Anakupatsani ndani?" anafunsa Kawaya.

"Inunso asisi, anyamata opanga timitima alipo angati? Akuti anapsa nako chala, wosauka." Zikhadabo anasisita kamtimako. "Amayi ake akonza zoti pa ukwati tidzayende limodzi kutsogolo, ine ndi iyeyo. Inu mudzakhalapo? Kapena mudzakhala kuseri, kumawaya?"

Kawaya anamuuza mtundu wa batire, mawu ake osanjenjemera ngakhale pang'ono, n'kumuperekeza ndi maso mpaka pageti. Atatsala yekha analira, inde, koma misoziyo inauma msanga. Chimene chinatsala ndi chakukhosi, ndipo chinali chachikulu.

* * *

Bambo ake analowa akukoka masilipasi. Manja awo anayamba kunjenjemera zaka zingapo zapitazo, ndiye chowotcherera anachisiyira mwana wawo. Masiku ano ntchito yawo inali kukhala pampando wapangodya n'kumatola zifukwa pa ntchito ya eni. Kawaya ankawakonda kwambiri, pakuti chimwalirireni mayi ake m'nyumbamo munatsala awiriwa basi.

"Ndakumana ndi mlendo wako pageti. Fungo lake mpaka galu wayetsemula."

"Anabwera kudzandionetsa mtima, bambo. Wofanana ndi wangawu, kaphethiridwe ndi komwe."

Mkuluyo anayang'ana pansi. "Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Mnyamatayo akufuna kuusa mvula konsekonse. Ndinakuuza kale kuti kunyumba imene ija kulibe mpando wako."

"Mwina ndimufunse."

"Ufunse chiyani? Akana, ndipo iwe ndi mtima wako wofewawo umukhulupirira. Ingomusiya mwakachetechete, usadzichotse ulemu."

Pa chala chawo chachikulu panali pulasitala watsopano. Kawaya anamuona, koma mutu wake unali kwina ndipo sanafunse.

Foni yake inalira, uthenga wa Wamanzere. "Wokondedwa, ampu yafika pati? Kuno ndauza onse kuti asabwereke zoimbira, zathu n'zokwanira. Amayi akungondiyang'ana cham'mbali."

Kawaya analemba yankho lalitali lodzaza ululu, n'kulifufuta. Anatumiza mawu ochepa okha. "Itha pa nthawi yake."

"Bwanji mawu ouma chonchi? Wadwala?"

"Ndatanganidwa."

"Ndakusowa. Koma sabata ino andigwira, madzulo aliwonse tikuyeserera mayendedwe a ukwati."

Amene ankayeserera naye, Kawaya anali kumudziwa. Anaika foni chafufumimba patebulo, n'kukokera ampu pafupi.

* * *

Kawaya sanali munthu wokuwa pamsewu kapena wokoka mnzake tsitsi. Mkwiyo wake unali waudongo ngati tebulo lake.

Ampu anaimaliza mwaluso lake lonse. Anayamba ndi tizipangizo tatifupi, zipangizo zazitali pambuyo, chifukwa ukayamba ndi zazitali bolodi limapendekeka ndipo tating'ono timagwa ukalitembenuza. Nsonga ya chowotcherera ankaipukuta pa siponji n'kuipaka mtovu pang'ono isanagwire mfundo ina. Miyendo yotsalira anaidula, utomoni anautsuka ndi kaburashi, n'kuyendera mfundo iliyonse ndi galasi lokuza kuti pasapezeke ziwiri zogwirana. Anayeza ndi mita, kenako n'kuyatsa. Nyimbo zinatuluka zoyera moti anthu apanyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. Chinali chinthu chokongola kuposa zonse zimene anapangapo, ndipo zimenezi zinangosonkhezera moto. Thukuta ndi lake, koma m'manja adzaombera Wamanzere, pambali pake pataima Zikhadabo.

Lachinayi madzulo, ataweruka kuntchito, anatseka chitseko cha kachipindako n'kumasulanso bokosi la ampu.

Kapasita yaikulu imakhala ndi mzere m'mbali, ndipo mwendo wa kumzereko uli ndi bowo lakelake pa bolodi. Ukaitembenuza, imatentha, imafufuma, kenako imaphulika ndi utsi wonunkha, zoimbira zonse n'kuti zii. Limeneli ndi phunziro limene iye mwini anabwereza kwa Wamanzere mpaka mnyamatayo ankalilota: yang'ana mzere usanawotcherere, uyang'anenso utawotcherera.

Anasungunula mfundo ziwiri, nayamwa mtovu ndi kapampu, nazula kapasita, naitembenuza, naibwezera. Mfundo ziwirizo anaziwotcherera mofatsa, dzanja lili nji, ndipo zinawala kuposa zinzake zonse.

Pomanga bokosi ankaona zonse m'maganizo: holo yodzaza, Wamanzere akuyatsa ampu monyadira, nyimbo zikuyamba, kenako phuu, utsi, ana akuseka, mayi ake akugwira m'chiuno. Sipadzavulala munthu, bokosilo linali lachitsulo. Chodzavulala ndi nkhope ya munthu amene amagawa mitima ngati masiwiti.

"Adzaona chimene chinameta nkhanga mpala," anatero yekha, n'kuchotsa batire pa mtima wa pashelefu.

* * *

Wamanzere anabwera Lachisanu madzulo pa galimoto yobwereka. Anali wamtali, wosachedwa kuseka, ndipo pa chala chake panali kachipsera ka tsiku loyamba kugwira chowotcherera. Anafuna kumukumbatira, Kawaya n'kutembenuka ngati akufunafuna kanthu m'dirowa.

"Ndi imeneyi? Koma ikuoneka ngati yogula m'sitolo."

"Ndayesa kale. Ukangolumikiza masipika n'kuyatsa. Usakavutike n'kutsegula."

"Aphunzitsi anena." Anaseka, kenako maso ake anagwera pashelefu. "Nanga mtima wathu wazima bwanji?"

"Batire latha."

"Ndikubweretsera lina."

"Kapatse amene akulisowa."

Kuseka kunamuthera. "Kawaya, pali chimene ndalakwa? Sabata yonse ukundiyankha ngati ndabwera kudzapempha mchere."

Apa ndi pamene akanalavula zakukhosi, ndipo mawu anafikadi pamlomo. Koma foni ya Wamanzere inalira, ndipo m'kachipinda kakang'onoko mawu a mayi ake anamveka bwinobwino. "Uli kuti iwe? Mnzako woyenda naye wakudikira mpaka miyendo yatupa. Tazisiya zamawayazo."

"Pita," anatero Kawaya. "Ingatupe kwambiri."

Mnyamatayo ananyamula ampu, n'kuima pakhomo. "Mawa ubwere, chonde. Ndili ndi mawu oti ndikanene pamaso pa anthu, ndipo ndikufuna ukakhalepo."

Kawaya anaganiza kuti akuwadziwa mawuwo. Ndiye ankafuna kukalengeza za Zikhadabo iye ali pompo, atakhala ngati mboni? Kachisoni kamene kanali katayamba kumera mumtima mwake kanafota.

"Ndibwera," anayankha. "Zimenezo sindingaphonye."

* * *

Tsiku la ukwati anavala diresi lake lobiriwira, nadzikonza tsitsi mosafulumira. Kutchalitchi sanapite. Chimene ankafuna kuonera chinali kuholo, masana. Atatseka chitseko cha nyumba anamva fungo la utomoni likuchokera kuseri, ndipo anaganiza kuti mwina anaiwala kuzima chowotcherera.

M'kachipindamo anapeza bambo ake atawerama patebulo. Dzanja lamanja linagwira chowotcherera, lamanzere linagwira lamanjalo kuti lisanjenjemere. Atamva phazi anakoka nsalu kuti aphimbe, koma anachedwa. Panali kamtima ka Zikhadabo, theka la timagetsi take titazima, kansalu kakumsana katang'ambidwa.

"Kabwera bwanji kuno aka?"

"Wakasiya mtsikana uja m'mawa. Akuti kazima."

"Kazima, ndiye wabweretsa kwa inu, osati kwa amene anakapanga?"

Kawaya anatola kamtimako, ndipo tsopano anachita chimene akanachita sabata yathayo. Anakatembenuza.

Mwendo uliwonse unali wopindidwa ngati mbedza usanawotchereredwe, mmene ankachitira akale pa mawailesi akuluakulu amatabwa. Wamanzere sanapindepo mwendo chotero, chifukwa Kawaya sanamuphunzitse. Mfundo zinali zotuwa, zamabampu, chizindikiro cha dzanja limene linagwedezeka mtovu usanaume, ndipo m'malo ena bolodi linali lopserera. Dzanja limeneli ankalidziwa kuposa lake lomwe. Anayang'ana pulasitala wa pa chala chija.

"Bambo."

"Khala pansi, mwana wanga."

"Sindikhala. Ndiuzeni ndili chiimire."

Mkuluyo anabwezera chowotcherera pa choimikira, atachiphonya kamodzi. "Ukukumbuka wailesi ya mayi ake a Wamanzere imene tinakonza? Ndinapita nayo ndekha, nditavala jekete langa labwino, poganiza kuti tidziwane monga makolo. Anandilankhula ali pawindo. Anati ndiisiye pakhonde, ndifulumire galu angandilume. Ndikutembenuka ndinamva akuuza mnzake kuti mwana wawo watola chibwenzi kudzala. Mwana wanga ine, amene ndinalera ndekha."

"Simunandiuze."

"Ndikanakuuza ukanangoti nthawi idzakonza. Ndiye mtsikanayu anabwera iwe uli kuntchito, akuti akufuna mtima wonga wa pashelefuwo. Chimene ankafuna ndinachidziwa. Ndinati bola ulire sabata imodzi kusiyana ndi kukalira moyo wonse m'nyumba imene ija. Mayiyo aone kuti nafenso timakana."

"Ndiye pofuna kubwezera mayiyo munamenya ine? Munandiyang'ana m'maso n'kundiuza kuti ndisamufunse."

"Ndinakuchitira iwe."

"Mukudziwa chimene ndachita chifukwa cha inu? Mu ampu muja ndatembenuza kapasita."

Nkhope ya mkuluyo inagwa. Zaka zonse za ntchito yake sanatulutsepo chinthu chotchera munthu msampha. "Dala?"

"Magazi ndi anu omwe, bambo." Anaponya kamtimako m'chikwama. Anali atapsa mtima kwambiri, ndipo aka kanali koyamba kuwalankhula chonchi. "Za inu ndi mtsikana wanuyo tikambirana ndikabwera. Sindinathane nanu."

* * *

Anaimba foni ya Wamanzere ali pageti, siinayankhidwe. Anaimbanso ali pasiteji, chimodzimodzi. Analemba uthenga: "Usayatse ampu. Chonde usayatse. Ndikubwera." Uthengawo unapita koma sunawerengedwe.

Basi inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ndipo kondakitala ankakangana ndi aliyense ngati dziko lilibe changu. Kawaya anatsikira panjira, navula nsapato zake zazitali, nathamanga ndi mapazi okha. Mumtima ankapempha kuti magetsi azime mumzinda monse, kapena akwati achedwe kojambulitsa zithunzi.

Akukhota pangodya anamva nyimbo. Zinali zoyera, zamphamvu, mawu a ampu yake. Analowa m'holo akudikira phokoso lija nthawi iliyonse, nadzipanikiza pakati pa anthu ovina ndi matebulo ansalu zoyera mpaka pangodya pamene panali bokosi lachitsulo. Analigwira pamwamba. Linali lofunda chabe, ndipo panalibe fungo la chopserera.

Anaima pamenepo nsapato zili m'manja, osamvetsa kanthu.

"Ndiwe uja."

Anali mayi ake a Wamanzere, atavala chipewa chachikulu chonga ambulera. Kuyambira kale mayiwa ankamuyang'ana Kawaya ngati banga pa nsalu yoyera, koma lero maso awo anali ena.

"Wachedwa. Mwana wanga wakutchula pamaso pa anthu onsewa. Akuti chimene chikuimbachi ndi manja ako, iye ankangogwirizira waya. Akutinso ngati sakwatira iwe, ine ndiiwale za zidzukulu." Anakonza chipewa. "Ndinamuuza kuti chinthu chopangira kuseri kwa nyumba chikaimba mpaka keke kudulidwa, mwiniwakeyo ndidzamupatsa mpando patebulo langa. Keke yadulidwa, ndipo ine sindibweza mawu. Vala nsapato ubwere ukhale nane. Bambo akonso uwauze adzabwere kunyumba. Ulendo uno adzalowe pakhomo."

Mawu amene Kawaya anawalakalaka chiyambireni chibwenzi ndi amenewa, ndipo anafika iye ali ndi manyazi ofuna kulowa pansi.

"Amayi, tandibwerekani kaye mlendo wanuyu," anatero Wamanzere kumbuyo kwake. Anali atavala suti, duwa pachifuwa, koma sankaseka.

* * *

Anamutengera pakhonde lakuseri, pamene panali makireti a mabotolo opanda kanthu. Anapisa m'thumba la jekete, natambasula dzanja la Kawaya, naikamo kapasita. Miyendo yake inali yoyera, yozulidwa mwaluso.

"M'mawa ndinatsegula bokosi," anatero. "Unandiphunzitsa wekha kuti usamayatse chinthu chimene sunachione ndi maso ako, ngakhale atawotcherera mphunzitsi wako. Ndinaikamo ina. Iyi ndinakusungira."

"Ndinakutumizira uthenga."

"Ndauona pompano. Pamene unkalemba, nyimbo zinali zitayamba kalekale." Anapumira m'mwamba. "Poyamba ndinati walakwitsa, munthu amatopa. Ndinafunitsitsa kuti zikhale choncho. Kenako ndinayang'ana mfundo zake. Pa bolodi lonse lija panalibe zokongola ngati ziwiri zimenezo. Munthu wotopa sawotcherera chonchija. Unafatsa, Kawaya."

Bodza linabwera pamlomo, koma analimeza. Anatulutsa kamtima m'chikwama. "Zikhadabo anabwera nako kwathu. Anandipangitsa kukhulupirira kuti unamupangira ndiwe. Kaphethiridwe kake ndi ka wathu uja. Ndinapsa mtima, ndinkafuna umve ululu umene ndinamva ine."

Wamanzere anakalandira, ndipo asanayang'ane n'komwe timagetsi anakatembenuza. Kawaya ataona zimenezo misozi inatsika.

"Mbedza izi ndi za bambo ako," anatero mnyamatayo motsitsa. "Ine wophunzira ndaona msanga chonchi. Iwe mphunzitsi unalephera bwanji?"

"Sindinatembenuze."

"Sunandifunsenso. Dzulo ndinaima pakhomo pako ndikukupempha kuti undiuze chimene ndalakwa. Miyezi yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi amayi chifukwa cha iwe. Ndinaika dzina lako pa bokosi lija kuti aone kuti ndiwe ndani. Ukanakhala kuti unandimenya mbama pamsewu, ndikanamva. Koma ukwati wa mlongo wanga? Iyeyo anakulakwira chiyani?"

"Ndikhululukire."

"Ndimakukonda, zimenezo sizinasinthe, ndipo n'zimene zikundipweteka. Koma lero ndanena mawu aja pamaso pa anthu chinthu ichi chili m'thumba mwanga, chikundibaya m'nthiti. Ndinanena chifukwa ndinalonjeza. Ngati ndingawanenenso mawa, sindikudziwa."

Anamubwezera kamtimako, nafumbatitsa zala zake pa kapasita, nalowa m'holo osacheuka.

Kuseri kwa makireti kunamveka fungo la mafuta onunkhira. Zikhadabo anatulukira atanyamula kapu ya chakumwa, akumwetulira ngati munthu amene watola chikwama pamsewu.

"Pepani asisi, ndinangotuluka kudzapitidwa mphepo. Makutu alibe chitseko."

"Ndili ndi kamtima kako m'chikwama muno," anatero Kawaya, mawu atauma. "Ukatsegula pakamwa, ndikaonetsa aliyense bodza lako."

"Kaonetseni. Adzafunsa kuti anapanga ndani, ndiye mudzatchula bambo anu. Mwana kutchera ampu, bambo kutchera mtima. Amayi adzati za kudzala zija sananame." Anamwa pang'ono. "Tiyeni, akutidikira."

Kawaya analumbira mumtima kuti mtsikanayu adzalipira, ngakhale zitatenga zaka. Koma lumbiro silikanamuthandiza masana amenewo. Atalowa, mayi ake a Wamanzere anamukodola, atamusungira mpando pafupi nawo. Anakhala pansi, chibakera chili pamiyendo, miyendo ya kapasita ikumulasa m'chikhato. Ampu yake inkaimba mokoma, ndipo mkwatibwi anamugwedezera dzanja kuchokera kutsogolo pothokoza. Wamanzere anaima patali, akuyang'ana kwina.

"Idya, mwana wanga," anatero mayiwo, akumukankhira mbale ya keke. "Bwanji wauma chonchi? Pano ndi panu tsopano."

Zikhadabo anawerama kumbuyo kwa mpando wawo, naika dzanja lake lofiiralo paphewa pawo.

"Amayi, adya bwanji dzanja lili lotseka? Tawafunsani apongozi anuwa chimene afumbatacho, ndiponso kumene chachokera."

Mayiwo anayang'ana Zikhadabo, anayang'ana mwana wawo patali paja, kenako anatambasula dzanja lawo patebulo.

"Tandionetsa, mwana wanga."